CHITSEKO CHIKAKANA KUTSEKEKA, WOLAKWA NDANI?

Mwezi wa Febuluwale ukafika kuno kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, mpunga utabiriwira m'masikimu a Likangala ndi Domasi, pamakhala phokoso lina limene limamveka m'midzi yambiri dzuwa likangolowa. Ndilo phokoso la anthu amene akulimbana ndi zitseko za nyumba zawo. Wina akukankha ndi phewa, wina akumenya theche cha m'munsi, wina akuchinyamula pang'ono kuti loko alowe m'malo mwake. Ndipo pena pamamvekanso mawu amene sayenera kutuluka pakamwa pa mkhristu. Chitseko chomwe chija chinkatsekeka ndi chala chimodzi m'mwezi wa Okutobala, lero chasanduka mdani wa mwini nyumba.

Wina angadabwe kuti nkhani yaing'ono chotere taipezera malo pa tsamba lino. Komatu pa khomo lathu lomwelo pabisala funso limene lavutitsa oweruza milandu, ankhoswe, aphunzitsi ndi makolo kuyambira kale. Funsolo ndi ili: chinthu chikamativuta, kodi cholakwa chimakhala pomwe phokoso likumvekerapo? Nanga tiri ndi ufulu wodula chimene chikutivutacho tisanafufuze chifukwa chake?

ZIMENE TINAONA PA NYUMBA INA

Chaka china, mvula iri pakati, tinacheza pa nyumba ina ya njerwa zootcha kufupi ndi msewu wochokera ku Zomba kupita ku doko la Kachulu. Mwini nyumbayo, msodzi wa matemba, anali atagula chitseko chatsopano cha paini m'chilimwe, nachinyamula yekha pa njinga kuchokera kwa kalipentala. Miyezi yoyamba chinkamunyaditsa. Koma pofika nthawi imene ife tinafikayi, chitsekocho chinali chikukhula pansi potsekula, ndipo potseka chinkakakamira m'felemu, moti ana sankatha kutuluka usiku popanda kudzutsa bambo wawo.

Tsiku lina kupirira kunamuthera. Anakabwereka puleni, nazula chitseko, nachigoneka pabwalo. Mkazi wake anayesa kumuletsa nati, "Bambo, bwanji osayamba mwaitana amisiri adzachione?" Iye anayankha kuti, "Amisiri a chiyani? Chitseko chakula, mankhwala ake n'kuchichepetsa basi." Anapala mbali ya loko kuyambira pamwamba mpaka pansi, nachotsako thabwa lochindikala ngati chala. Usiku umenewo chitseko chinalowa m'felemu mosavuta, ndipo mwini wake anagona ngati munthu amene wapambana nkhondo.

Tinabwereranso pa nyumbayo chilimwe chiri pa mponda chimera. Munthu utakhala m'kati, chitseko chiri chotseka, unkatha kuona nkhuku zikudutsa pabwalo. Mphepo ya mwera inali itawazunza m'miyezi ya Juni ndi Julaye. Tsopano munkalowa fumbi, udzudzu ndi zinkhanira, ndipo kachitsulo ka loko sikankafikanso pa bowo lake. Chodabwitsa koposa chinali chakuti ngodya ya m'munsi inali ikukhulabe pansi monga kale.

Mmisiri wina wachikulire ataitanidwa, sanatulutse chida chirichonse m'thumba mwake. Anatsekula chitsekocho theka, nachigwira m'mphepete, nachikweza pang'ono. Chinakwera, ndipo aliyense anaona hinjesi ya pamwamba ikugwedera chifukwa misomali yake inali itakhwepa. Mkuluyo anapukusa mutu nati, "Bambo, mwapala posalakwa. Nthenda inali kuno, inu mankhwala mwapaka uko. Mukanadikira mvula ithe, n'kumanga hinjesi iyi, chitseko chanu chikanakhala chamtunthu. Mtengo uli m'nkhalango umaphukanso, koma thabwa lopalidwa silimeranso ayi." Anachita kukhomerera kathabwa m'mphepete kuti atseke mpatawo, ndipo chigamba chimenecho chinatsala pa khomo ngati mboni.

ZIMENE AMISIRI AMADZIWA

Amisiri a matabwa amatiuza kuti chitseko chimakana kutsekeka pa zifukwa zinayi, ndipo mwa zinayizo chimodzi chokha ndicho chiri cholakwa cha chitseko chenichenicho.

Chifukwa choyamba ndi nyengo. Thabwa, ngakhale linadulidwa kalekale, limamwabe chinyezi cha mu mpweya ndi kuchitulutsanso. Kuyambira Novembala mpaka Epulo limafufuma, ndipo m'chilimwe limabwerera. Limafufuma m'lifupi mwake, pamene m'litali mwake silisintha kwenikweni. N'chifukwa chake chitseko chimakonda kugwira m'mbali. Mitengo nayo imasiyana. Mlombwa ndi wodziwika pa kusasunthasuntha kwake, pamene bulugamu amakonda kupindika ndi kung'aluka, ndipo paini, wofanana ndi amene amachekedwa pa phiri la Zomba, ndi wofewa, sachedwa kumwa madzi ngati sanapakidwe penti. Ambiri a ife timapaka penti kumaso ndi kumbuyo kwa chitseko, n'kuiwala m'mphepete mwa pamwamba ndi mwa pansi, mosaonekamo, pamene m'menemo ndimo chinyezi chimalowera kwambiri.

Chifukwa chachiwiri ndi mahinjesi. Kulemera kwa chitseko kumakoka hinjesi ya pamwamba usana ndi usiku, ndipo ana akamachita katungwe pa chitseko amafulumizitsa ntchitoyo. Misomali ikakhwepa, chitseko chimaweramira ku mbali ya loko: ngodya ya pamwamba imagunda felemu, ya m'munsi imakhula pansi. Mankhwala ake ndi otchipa. Mmisiri amatseka mabowo okulawo ndi timitengo ta machesi kapena tizidutswa ta thabwa topaka guluu, n'kumanganso ndi misomali yotalikirapo.

Chifukwa chachitatu ndi nyumba yeniyeniyo. Malo ambiri a m'chigwa cha Chilwa ali ndi dothi lakuda la makande, limene limafufuma likamwa madzi, ndipo likauma limang'aluka ming'alu yoti mwana wa nkhuku n'kugweramo. Maziko akakhala osazama, khoma limakwera ndi kutsika pamodzi ndi dothilo, felemu n'kupendekeka. Pena chiswe chimadya miyendo ya felemu m'kati mwa khoma, pena njerwa za pamwamba pa khomo zimaitsamira. Zikatero chitseko chimakhala chowongoka bwinobwino, chokhota ndi malo ake. Chizindikiro chake ndi mng'alu umene umayambira pa ngodya ya khomo n'kukwera chopendekeka.

Chifukwa chachinayi ndicho chitseko chimene. Mwina chinakhomedwa ndi matabwa auwisi, ndipo pouma chinapindika. Mwina thabwa lopendekeka la kumbuyo linaikidwa chozondoka. Pakuti liyenera kuyambira m'munsi ku mbali ya mahinjesi ndi kukwera cha ku mbali ya loko, kuti kulemera kwa chitseko kuzitsamira pa ilo.

Tsono mmisiri wanzeru amatani kuti adziwe chimene chavuta mwa zinayizi? Amayamba wayang'ana. Amafunsa kuti vuto linayamba mwezi uti. Amakweza chitseko kuti amve mahinjesi, amayang'ana khoma, kenaka amapaka khala kapena choko m'mphepete mwa felemu, n'kutseka, n'kutsekula. Pamene khala ladetsa chitseko, pamenepo pokha ndiye pogwira. Puleni amaitulutsa pomaliza, ndipo nthawi zambiri saitulutsa n'komwe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'NYUMBA MWATHU MULI ZITSEKO ZINA

Owerenga athu aona kale kumene tikulowera. M'banja lirilonse imafika nyengo pamene munthu amene tinkakhala naye mosavuta wayamba kukakamira. Mwamuna wofatsa uja wayamba kupsa mtima msanga. Mkazi wansangala uja sakuyankhanso ndi mawu awiri. Mwana womvera uja wayamba mwano, ndipo agogo akungodandaula pa chirichonse. Phokoso likumveka pa iwo, ndipo ife, monga msodzi uja, timathamangira puleni. Puleni yathu ndi lilime, ndi chikwapu, ndi kumana chakudya, ndi kuitana bwalo kuti munthu anyozeke pamaso pa mudzi, ndi mawu oopsa aja akuti, "Nyamulani zanu muzipita kwanu."

Tisanatero, tiyeni tifunse mafunso a mmisiri. Loyamba: kodi si nyengo? Ife a m'mbali mwa Chilwa tikudziwa kuti moyo wathu umadzaza ndi kuphwa pamodzi ndi nyanja. Nyanja yathu ndi yosazama, ndipo iribe mtsinje wotulutsa madzi; imalandira kuchokera ku Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina, n'kumaphwa ndi dzuwa. Inauma m'chaka cha 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pa matope ouma anthu n'kumapita ku chilumba cha Chisi pa mtunda. Pambuyo pake, m'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy anabweretsa madzi ochuluka amene anagwetsa nyumba ndi kumiza minda. Bambo amene ankabwera ndi makumba ndi milamba, ana n'kumuthamangira, akakhala miyezi yambiri manja ali m'thumba lopanda kanthu, manyazi amamufufumitsa m'kati monga chinyezi chimachitira ndi thabwa. Ukali wake ndi woipa ndithu, koma muzu wake ndi manyazi ndi mantha. Chimodzimodzi mayi amene wakhala chowerama m'madzi a mpunga kuyambira m'mawa, mwana amene wapita ku sukulu ndi njala ya mu Febuluwale, kapena wokalamba amene waika m'manda anzake onse a msinkhu wake. Kumudula munthu wotere pa nyengo yake yovuta ndiko kupala chitseko m'dzinja. Nyengo idzapita, koma chimene tachotsacho sichidzabwerera. Mwana womenyedwa mopitirira amaleka mwano, inde, koma amalekanso kuuza makolo ake za kukhosi. Kunja kudzacha, iye adzakhala chete, ndipo pa mpata umene watsalawo padzalowa ena amene sitinawaitane.

Funso lachiwiri: kodi si mahinjesi? Chimene chimagwirizitsa munthu ku banja lake ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka kwa alendo: kudyera pamodzi, kucheza pang'ono ana atagona, kuuzana za ndalama mosabisa, kupemphera pamodzi madzulo, kupepesana dzuwa lisanalowe. Timeneti timakhwepa mwakachetechete. Msodzi amene amatha masabata ambiri m'chimbowera pakati pa njedza, kapena mnyamata amene watha zaka ku Joni, pobwera amapeza kuti sakukwananso bwino pa malo ake. Palibe amene wachimwa tchimo lalikulu. Misomali yokha ndiyo yakhwepa. Pamenepa sipafunika kudula kanthu. Pafunika kumanga, ndipo zomangira zake n'zotchipa ngati timitengo ta machesi tija.

Funso lachitatu ndilo lowawa koposa: kodi si felemu? Kodi si ifeyo amene tapendekeka? Kuno kwathu ambiri timatsata chikamwini. Mkamwini ali ngati chitseko chimene chinakhomedwa kwina, n'kudzapachikidwa pa khomo limene anamanga ndi ena. Akavuta, mudzi wonse umagwirizana msanga kuti ndi wokhota, poti alibe womuikira kumbuyo. Koma kangati pamene apongozi amalowerera za m'nyumba ya ana awo, alamu n'kumadya thukuta lake popanda kuthokoza, munda umene walima zaka khumi n'kumakumbutsidwabe kuti si wake? Zoterezi zimaonekanso pa mtengwa kumene amatsata chitengwa, pa mwana wamasiye amene akuleredwa kwa malume ake, ngakhale pa mkhristu watsopano m'limana mwathu. Chitseko chimalira, khoma sililira. N'chifukwa chake mlandu umagwera chitseko. Ndipo pali chifukwa china chimene sitikonda kuchivomera: kupala chitseko ndi ntchito ya ola limodzi, pamene kuwongola felemu kumafuna kugumula khoma lathu lomwe.

KODI TIKUIKIRA KUMBUYO TCHIMO?

Pano munthu woganiza bwino angatitsutse nati: "Fanizo lanu lapitirira. Thabwa liribe nzeru, liribe ufulu, silingasankhe kukana chinyezi. Munthu ali ndi mzimu, ndipo Mulungu adzamufunsa za ntchito zake. Tikamati ndi nyengo, ndi umphawi, ndi achibale, ndiye kuti chidakwa chirichonse ndi wankhanza aliyense apeza pobisala." Kutsutsa kumeneku n'koona, ndipo sitifuna kukuzemba.

Tiyankhe motere. Fanizoli taliika m'manja mwa woweruza, osati m'manja mwa wolakwa. Pamene tikudziyesa tokha pokonzekera Sakramenti la Kulapa, tisanamizire nyengo; tinene poyera kuti tachimwa, poti ufulu tinali nawo, ndipo chaulere cha Mulungu sichinatisowe. Nyanja inauma kwa onse, koma si onse amene anasanduka zilombo m'nyumba zawo. Koma pamene tikuyesa mnzathu, tikumbuke kuti m'kati mwake sititha kuonamo. Chodabwitsa n'chakuti timachita chozondoka: zolakwa zathu timati ndi nyengo, za anzathu timati ndi chibadwa. Thomas Aquinas Woyera, mphunzitsi wamkulu wa Eklezia amene anamwalira m'chaka cha 1274, anaphunzitsa kuti pamene palibe umboni wooneka wa kuipa kwa munthu, tiyenera kutanthauzira zochita zake ku mbali yabwino, ngakhale kutero kungatinyengetse nthawi zina. Pakuti kumuyesa woipa munthu wosalakwa ndi kumulakwira, ndipo chilungamo sichilola zimenezo.

Komanso tisaganize kuti kudekha ndiko kungosiya zinthu. Pali nyumba zina zimene chitseko chakhala chosatsekeka zaka zitatu, eni ake anangozolowera kuchitsamiritsa ndi mtondo usiku. Umenewo ndi ulesi, ndipo tsiku lina mbala kapena njoka idzawaphunzitsa. Chitseko chiri ndi ntchito ziwiri, kutsekukira mlendo ndi kutsekera choipa kunja. Chikalephera imodzi mwa izi, mwini nyumba ayenera kuchitapo kanthu. Katekisimu amatiphunzitsa ntchito zisanu ndi ziwiri zachifundo zothandiza mzimu, ndipo pakati pa izo pali kudzudzula ochimwa ndiponso kupirira amene amatilakwira. Eklezia anaziika pamodzi dala. Wopirira amene sadzudzula konse ndi wamantha. Wodzudzula amene sapirira konse ndi wankhanza.

Pali malire ena amene tiyenera kuwanena mosapsatira. Ngati m'nyumba muli kumenyana, kugwiririra ana, kapena chirichonse choika moyo pa ngozi, imeneyo si nkhani yodikira chilimwe. Khoma likafuna kugwa, timayamba tatulutsa ana. Malamulo a Eklezia, amene anakonzedwanso m'chaka cha 1983, amalola wokwatira kupatukana ndi mnzake pamene moyo wake kapena wa ana uli pa ngozi yaikulu, ndipo dziko lathu linakhazikitsa lamulo loletsa nkhanza za m'banja m'chaka cha 2006. Ankhoswe, akuluakulu a mpingo ndi ife tonse tisamabweze munthu wovulala ku nyumba yoopsa ndi mawu akuti banja n'kupirira. Kupirira kumene tikunena kuno n'kwa munthu amene ali ndi puleni m'manja, osati kwa amene akupalidwa mpaka magazi.

KUPALA KUKAFUNIKA

Nanga tikafufuza zonse, n'kupeza kuti chitseko n'chokhotadi? Pamenepo kupala kulipo, ndipo mmisiri saopa kutero. Koma taonani kapalidwe kake.

Amapala pokhapo pamene khala ladetsa. Ife tikamadzudzula timakonda kupala kuyambira pamwamba mpaka pansi: munthu walakwa chimodzi, ife tikumuwerengera za chaka chatha, za makolo ake, za mtundu wake wonse. Mawu akuti "nthawi zonse mumatero" ndi akuti "kwanu konse ndinu otero" achotsa matabwa ambiri abwino m'mabanja mwathu.

Amapala pang'ono, n'kuyesa, n'kupalanso pang'ono. Amadziwa kuti chotsala angathe kuchichotsa mawa, koma chochotsedwa sangachibweze. Ambuye Yezu anatipatsa dongosolo lotere lomwe m'mutu 18 wa Mthenga Wabwino wa Mateyo: kuyamba pa awiri, zikakanika kuitana mmodzi kapena awiri, ndipo mpingo wonse pomaliza. Ife kawirikawiri timayambira ku chitsime ndi ku msika, mwini nkhani n'kumva pomaliza.

Amasankha nyengo. Akapala m'dzinja amachotsa zochepa zedi, podziwa kuti thabwa lidzabwerera lokha. Monica Woyera, mayi wa ku Thagaste kumpoto kwa Africa, m'dziko limene lero ndi Algeria, anali ndi mwamuna wopsa mtima msanga dzina lake Patricius. Mwana wawo Augustine Woyera akutiuza kuti mayiyo sankayankha mwamuna wake ukali uli m'mutu. Ankadikira mtima utsike, ndipo pamenepo ankamufotokozera bwinobwino pamene walakwa. Sankangokhala chete mpaka kalekale ayi, ankadziwa ola lake. Patricius anabatizidwa asanamwalire.

Pomaliza, mmisiri akapala amapaka penti pa balapo. Thabwa lopalidwa likasiyidwa poyera limamwa madzi kuposa kale, ndipo chaka chamawa lidzavuta koposa. Chidzudzulo chirichonse chimasiya bala, ngakhale chikhale cholungama. Tikalanga mwana, timuitanenso adzadye nafe. Mlandu ukatha kwa ankhoswe, usadzatulukenso pa mkangano wa mawa. Mulungu amene amatero nafe: m'Sakramenti la Kulapa satisiya ndi manyazi athu, amatiphimba ndi chikhululukiro.

Pali chinsinsi chinanso chimene amisiri amachidziwa pa tsiku lopachika chitseko. Sachikwanitsa ndendende m'felemu. Amasiya dala mpata wa mamilimita awiri kapena atatu m'mbali monse, wonga kuchindikala kwa ndalama yachitsulo, kuti thabwa lipeze kofufumira mvula ikadza. Chitseko chopanda mpata chimaoneka chokongola m'chilimwe, koma ndicho choyamba kukana m'dzinja. Achinyamata amene mukukonzekera ukwati, imvani izi: amene afuna kuti mnzake akwane ndendende m'maganizo ake, osalakwa, osatopa, osasintha, akudzikonzera nkhondo. Siyiranani mpata. Mpata umenewo pachikhristu timautcha chifundo.

MMISIRI WA KU NAZARETI

Pa 19 Malichi, mvula ikupita kumapeto ndipo zitseko zathu zikali zofufuma, Eklezia amakondwerera Yosefe Woyera. Ndipo m'chaka cha 1955 Papa Pius XII anaikanso tsiku la 1 Meyi kuti likhale la Yosefe Mmisiri. Sitikayika kuti pa ntchito yake anaitanidwapo ku makomo ovuta. Koma khomo lovuta koposa linali la m'nyumba mwake momwe. Anapeza kuti Maria, amene anamutomera, ali ndi pakati asanalowane. Kwa maso a munthu nkhaniyo inali yoonekeratu, ndipo malamulo a nthawiyo anamupatsa mphamvu yomuchititsa manyazi poyera. Puleni inali m'manja mwake, ndipo palibe akanamudzudzula.

Yosefe sanathamange. Posamvetsa chimene chachitika, anasankha njira yodula pang'ono koposa zonse, ndiyo yomuleka mwakachetechete. Ndipo ngakhale imeneyo sanaichite tsiku lomwelo, anayamba waigonera. Usiku umenewo ndi umene Mulungu anamuululira zoona zake. Taganizani chimene chikanaonongeka akanakhala munthu wa phuma! Chimene chinkaoneka ngati chokhota chinali chowongoka koposa zonse za pansi pano. Chofunika kukuzidwa chinali felemu, ndiwo maganizo a Yosefe mwini, kuti mulowe chinthu chachikulu kuposa chimene ankayembekeza. Mateyo akumutcha munthu wolungama, ndipo Mthenga Wabwino sunasunge liwu lake ngakhale limodzi. Chilungamo chake chinaonekera pa kudekha kwa dzanja lake.

TIYAMBIRE PA KHOMO LATHU

Abale ndi alongo, nyengo ya Lenti imatipeza chaka ndi chaka mvula isanathe, nkhokwe ziri pafupi kupuma, mitima iri yofufuma. Madzulo ano, chitseko chikakana, tisachimenye theche. Titenge nyali, tiyang'ane hinjesi ya pamwamba, tiyang'ane khoma, tipake khala. Ana athu aone bambo wawo akufufuza asanadule, pakuti phunziro limenelo adzapita nalo ku mabanja awo.

Tikatha apo, tikhale pansi, aliyense aganize za munthu mmodzi amene wakhala akumuvuta masiku ano, m'nyumba, m'mudzi kapena m'limana. Tidzifunse: anayamba liti? Akusenza chiyani chimene sitikuchiona? Tinaleka liti kucheza naye? Nanga ife sitinapendekeke? Tikayankha moona mafunso amenewa, n'kupezabe kuti pali pofunika kudzudzula, tipite kwa iye patokha, tinene chimodzi chokhacho, ndipo tisachoke tisanapake mafuta pa bala.

Yosefe Woyera, mmisiri wodekha, mutipempherere, kuti manja athu asafulumire kudula chimene sitingathe kubwezera.